Mpando Wachitatu

M'chipinda cha Hazel Munthali, pa kachipatala ka bungwe lina ku Bangwe, munali mipando itatu. Wina unali wake, wina wa mwana wodwala, wachitatu wa gadiyani, munthu wamkulu wobwera ndi mwanayo. Wachitatuwo ndiwo unali wabwino kuposa yonse, wa khushoni yofiira ndi potsamiritsa mikono. Palibe lamulo linauika pamenepo. Hazel anangoupeza tsiku limene anayamba ntchito, n'kuona kuti ndi mmene zimakhalira. Nanga munthu wamkulu ungamusiye panja pa benchi, iwe mwana wa dzulodzuloli uli khale m'kati?

Hazel anali katswiri wa za maganizo. Anaphunzira ku Zomba, ndipo anzake a ku Nkolokosa, kumene ankakhala ndi makolo ake, sankatopa kumufunsa ngati anapitako ngati wophunzira kapena ngati wodwala. Anthu a ku Bangwe ankangomutcha adokotala. Anayesa kuwakonza kwa miyezi iwiri, kenako anagonja. Ntchito yake inali ana amene mitu yawalemera: osiya kulankhula, odzicheka, othawa pakhomo, ofuna kudzipha. Dera lonselo mpaka ku Namiyango wa ntchito imeneyi anali iye yekha, ndipo zonse zimene anaphunzitsidwa za ana otere zinali masamba ochepa a buku limodzi, lolembedwa kudziko kumene ana amayankha makolo awo ataimirira.

Lusiya anayamba kubwera mu Seputembala chaka cha 2011, chaka chija eni magalimoto ankachezera pa mizere ya mafuta. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, atangolowa Sitandade 8, mwana woonda wa maso aakulu. Mu Julayi anamupeza kuseri kwa bafa atamwa mankhwala. Ku chipatala chachikulu anamupulumutsa, n'kumulembera kuti Lachinayi lililonse azikaonana ndi Hazel, kuopa kuti angadzayesenso.

Amene ankabwera naye anali a Laurenti, bambo ake aang'ono. Kwawo ku Nsanje mwana ndi wa kuchimuna, choncho bambo a Lusiya atamwalira, a Laurenti anakamutenga kudzamuphunzitsa m'tauni, mayi ake n'kutsala kumudzi. Anali kalipentala ku Limbe, munthu wa imvi, wa jekete yochapidwa bwino, korona m'thumba. Akakupatsa moni unkadziona ngati iwe sunaleredwe. Lachinayi lililonse ankatseka shedi yawo, makasitomala n'kumabwerera, iwo ali ndi mwana kuchipatala. Anesi ankawatchula ngati chitsanzo, poti magadiyani ena amabwera kamodzi basi, ulendo wachiwiri umangomva kuti wodwala ali kwa mneneri.

Ankalowa, n'kukhala pa khushoni yofiira ija, chipewa pabondo.

"Lusiya, ukugona bwanji masiku ano?" Hazel ankafunsa.

"Akugona bwino, adokotala," ankayankha a Laurenti. "Timachita kumudzutsa."

"Nanga chakudya?"

"Akudya. Dzulo anamaliza mbale yonse. Si choncho, Lusiya?"

Lusiya ankayang'ana nsapato za bambo akewo, n'kugwedeza mutu.

"Maganizo aja amakubwereranso? Aja a mu Julayi?"

"Aaa, zimene zija zinatha, adokotala. Chinali chibwana. Tinapemphera, iye anapepesa kwa tonse."

Hazel sanali wopusa. Ankaona kuti mwanayo sanatulutsepo mawu oposa inde ndi ayi, ndipo kuti potuluka ankacheuka pakhomo, milomo itatseguka pang'ono, kenako n'kutsatira jekete ija. Lachinayi lachitatu analimba mtima.

"Bambo, mwina mungatidikireko panja pang'ono, ndicheze naye."

A Laurenti sanakwiye. Akanakwiya zikanaphweka. Anamwetulira mmene amamwetulira munthu wamkulu mwana akataya madzi pamaso pa alendo.

"Mwana wanga, ine ndine kholo lake. Pali chimene mwana angauze mlendo n'kubisira kholo? Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Lankhulani naye, ine ndingokhala chete."

Hazel anakulira m'nyumba ya adada ake a Munthali, mphunzitsi wamkulu wa ku Rumphi, m'mene mwana ankapereka madzi atagwada, ndipo munthu wa imvi sankamutulutsa ngakhale m'khitchini. Anachita manyazi ngati watukwana. Ndipo anapepesa. Iyeyo, mwini chipinda, wa digiri yake, ndiye anapepesa! A Laurenti anakhaladi chete mphindi ziwiri, Lusiya nayenso chete, kenako mkuluyo anapitiriza kuyankha mafunso.

Kuyambira pamenepo Hazel ankadzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, tsiku lina mwanayo adzamasuka. M'faelo ankalemba kuti akupezako bwino, malinga ndi gadiyani.

Mu Okutobala kunabwera kalata imene Hazel anaidikira zaka zitatu. Kunali maphunziro apamwamba a masabata awiri, pa hotela ina m'tauni, ophunzitsa akatswiri a za maganizo mmene angathandizire ana ndi achinyamata amene afika pa ngozi. Maphunziro otere ankabwera ndithu zaka zonsezo, koma ankapitako ndi mabwana a ku ofesi yaikulu, anthu amene mwana wodwala anamuona komaliza pa positala. Ankabwerako ndi matisheti ndi zikwama, Hazel n'kulandirako cholembera. Ulendo uno othandiza bungwelo anachita kuumirira kuti papite anthu ogwiradi ntchitoyo. Anaikanso malamulo: kusaina rejisitala m'mawa ndi masana, wophonya kamodzi satifiketi palibe, ndipo kuyambira Januwale wopanda satifiketiyo sadzaloledwa kuona ana. Za amene aziona anawo masabata awiriwo, kalatayo sinanene kanthu.

Hazel anasangalala, tisabise. Anagula nsapato zatsopano ku Limbe.

Lachinayi lomaliza asananyamuke, atatha mafunso ndi mayankho a nthawi zonse, anatumiza Lusiya kwa anesi kukakwera sikelo, poti kuonda kwake ankakutsatira sabata ndi sabata. Mwana atatuluka, akulu anatsala akukamba za akulu.

"Bambo, masabata awiri akubwerawa sindipezeka. Ndikupita ku maphunziro. Mudzabwere pa 3 Novembala."

"Takhuta, zikomo kwambiri, adokotala. Ndipezeko mpata wogwira ntchito, matebulo a eni ake angounjikana. Mwanayo ndimuuza ine."

Lusiya anabwerera ndi kapepala ka sikelo. Hazel anakalandira, n'kungoti, "Uyende bwino." Uthenga unali utaperekedwa kale kwa mwini mwana. Kuubwereza kwa mwanayo pamaso pawo kukanaoneka ngati sakuwakhulupirira akuluwo. Lachisanu madzulo anamata pepala pachitseko, lolembedwa kuti wapita ku maphunziro, n'kukiya.

Ku hotela kunali mphepo yozizira ya makina, kunja dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Patebulo lililonse panali mabotolo a madzi ndi kambale ka maswiti. Theka la tsiku loyamba linathera kusankha wapampando, wosunga nthawi ndi wotsogolera mapemphero, ndi kugwirizana kuti wochedwa azivina. Anthu a madigiri awo, ena a zidzukulu, ankavinadi, anzawo akuwomba m'manja. Hazel anakhala pafupi ndi Cindy, mnzake wa kusukulu amene tsopano ankagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo ankanong'onezana za nsapato za anthu.

Koma maphunzirowo anali enieni, ndipo ndi pamene pakuwawira nkhaniyi. Wophunzitsa anali Dokotala Ambrosi Thawani, bambo wamfupi wadazi, wosavala tayi, amene anagwira zaka zambiri mu wodi ya ana ku Cape Town asanabwerere kumudzi. Sankawerenga za pakhoma. Ankafunsa funso n'kukuyang'ana mpaka uyankhe.

Lachinayi la sabata yoyamba m'mawa, nthawi ya naini, anaika mipando itatu kutsogolo.

"A Munthali, bwerani mukhale mmene mumakhalira kuntchito kwanu. A Cindy, inu ndinu mtsikana wa zaka fifitini, munayesa kudzipha mwezi watha. Ine ndine malume anu."

Hazel anayamba kufunsa. Funso lililonse a Thawani ankalilandira lisanatere. Akugona bwino, adokotala. Akudya. Zija zinali zachibwana. Anachita kuika chipewa chongoyerekeza pabondo, n'kumamwetulira mwaulemu. Holo yonse inafa nacho chiseko, poti aliyense ankamudziwa malume ameneyo. Hazel yekha sanaseke. 

"Chabwino," anatero a Thawani. "A Munthali, mwadziwa chiyani za mwanayu?"

"Kuti akugona bwino, akudya..."

"Wakuuzani ndani?"

 A Thawani anaimirira, ananyamula mpando wawo, anatsegula chitseko, n'kukauika m'khonde. Anabwerera chimanjamanja.

"Mwana amene anayesapo kudzipha muzimuona yekha. Ulendo uliwonse, ngakhale ten minutes. Sindikunena kuti gadiyani aliyense ndi chilombo, ayi. Ambiri ndi anthu abwino. Mwana amakhala chete pamaso pawo mwina chifukwa akuopa kuwapweteka mtima, mwina chifukwa akuopa iwowo. Inu simungadziwe kuti ndi ziti mpando uja ukadali m'kati."

Bambo wina wa ku Mzuzu anakweza dzanja. "Koma dokotala, chikhalidwe chathu. Munthu wamkulu ungamuuze kuti tulukani?"

"Simumuuza kuti tulukani. Mumaimirira inu poyamba. Mumamuthokoza. Mumati: bambo, mwagwira ntchito yaikulu, tsopano pali gawo limene lamulo la chipatala limati ndikhale ndi mwana yekha, ngakhale atakhala mwana wa nduna. Ndikuperekezeni, ndikuitanani posachedwa. Mlandu muupatse lamulo, osati inu. Ndipo mpandowo munyamule nokha, mukawakhazike panja. Palibe mkulu amene amakana mpando womunyamulira."

Anawagawa awiriawiri kuti ayeserere. Hazel ananena mawuwo kwa Cindy kamodzi, kawiri, ndipo anatuluka mosavuta ngati moni. Anapsa mtima. Timawu tomweti! Zaka zitatu akulandira zolembera, pamene timawu tomweti tinali m'mafaelo a mabwana, ngati anamvako n'komwe pakati pa tiyi ndi nkhomaliro.

"Chinthu china," anapitiriza a Thawani. "Chilichonse chokhudza mwanayo muzimuuza iye mwini, m'maso. Tsiku lobwera, tsiku limene simupezeka, amene angamuone inu kulibe. Osatumiza uthenga kudzera mwa munthu. Kwa mwana wotere, tsiku lokumana nanu likhoza kukhala nthambi yokhayo imene wagwira. Ndikhulupirira kuti nonse munatero musanabwere kuno."

Anthu anayang'ana mabotolo awo a madzi. Wosunga nthawi analiza belu la tiyi.

Hazel anathamangira panja ndi foni. Nambala imene anali nayo inali ya a Laurenti yokha, poti fomu ya chipatala ili ndi mzere wa nambala ya gadiyani, ya mwana ilibe. Anayankha pakati pa phokoso la sowo ndi hamala.

"Adokotala! Mwatikumbuka. Maphunziro akuyenda?"

"Akuyenda, bambo. Lusiya ali bwanji?"

"Ali bwino kwambiri. Ali kusukulu."

"Munamuuza kuti lero sindipezeka?"

"Aaa, musavutike nazo, adokotala. Mwana amapita kumene wamkulu wamutenga. Ndikapanda kumutenga, ndiye kuti kulibe ulendo."

Hazel anamva bwinobwino kuti yankho limenelo si inde. Anaimba foni ya pachipatala, inalira mpaka kutopa yokha. Anaimbira anesi aakulu, anapeza ali ku sikelo ya ana kumudzi kuseri kwa phiri la Mpingwe, ndipo anati abwerako madzulo. Anatenga chikwama chake, n'kukaima pageti ya hotela.

Msewu unali mbee. Maminibasi ambiri anali pa mizere ya mafuta, ndipo amene ankadutsa anali odzaza mpaka kondakitala thupi lonse lili panja. Kufika ku Bangwe kunkafunika awiri, wa ku Limbe ndi wina wa kumeneko, kenako kufufuza sukulu, kupempha ahedi, kumutulutsa mwana m'kalasi. Kubwerera hafu pasiti wanu isanakwane, nthawi yosaina rejisitala ya masana, kunali kulota. Cindy anamupeza pamenepo, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Iwe, usapange zopusa. Ukaphonya register imodzi certificate palibe, ndiye Januwale ana onse a ku Bangwe aziwaona ndani? Mwanayo ali kusukulu, si wamva wekha? Upite Loweruka, ukamuone bwinobwino, ndi mawu ako atsopanowa."

Zinali zomveka. Nzeru zimene zimaika anthu m'manda nthawi zambiri zimakhala zomveka chonchi, sizibwera zitavala nyanga. Hazel anaima pang'ono, minibasi ina yodzaza inadutsa osaima, ndipo anabwerera m'kati. Masana anadya mpunga wa nkhuku, n'kusaina pa mzere wa dzina lake.

Loweruka analawirira. Anadikira ola lathunthu pa siteji ya ku Nkolokosa, linanso ku Limbe, ndipo njira yonse ankabwereza mawu aja chamumtima. Bambo, mwagwira ntchito yaikulu. Anakonzanso kuti poti kunyumba kwa eni ake sungatulutse mwini nyumba, adzapempha kuti Lusiya amuperekeze ku siteji, azikacheza m'njira. Anatsika ku Bangwe, n'kuyamba kukwera cha ku Ntopwa, kutsatira njira yolembedwa m'faelo: kupitirira mjigo, kukhota pa chigayo.

Pa chigayopo anapeza masamba aawisi atayalidwa modutsa njira. Wanjinga wina anatsika n'kuyamba kuikankha, chipewa chili m'manja. Kumtunda kunkamveka amayi akuimba.

Ku Bangwe maliro sasowa, Hazel anadziuza choncho. Anaimitsa mayi wina wosenza ndowa.

"Pepani mayi, zovutazi zili kwa ndani?"

"Kwa akalipentala. Kamtsikana kawo kaja. Kanatisiya Lachinayi madzulo."

"Kanadwala?"

Mayiyo anayang'ana kumbali, n'kukonza nkhata. "Mukamva konko."

Abale sakanatha kupita ndi maliro a Lusiya ku Nsanje, lole ndi mafuta ake zikanachokera kuti? Mayi ake anafika Lachisanu pa matola, ndipo ankamveka m'nyumba akulira m'Chisena, akuitana dzina la mwana wawo ngati ali kuseri kwa nyumba. Bokosi anakhoma a Laurenti okha, la matabwa abwino amene anasungira tebulo la kasitomala. Hazel atafika, mkuluyo anabwera kudzamulandira, maso ali psuu, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. Anatuma anthu kuti abweretse mpando. Hazel ankafuna kukakhala pansi ndi amayi anzake, koma mkulu anali ataimirira akudikira kuti akhale, ndipo anakhala.

Nthawi ya mawu itakwana, a Laurenti anaimirira m'malo mwa banja. Misozi yawo inali yeniyeni.

"Mwana wathuyu anavutika ndi mutu kwa kanthawi. Koma masiku ano anali bwino. Ankadya, ankagona, analibe chodandaula. Chimene chinamulowa, adziwa ndi Mulungu. Tithokoze a mpingo, tithokoze amfumu. Tithokozenso adokotala ali apawa, amene anayesetsa sabata ndi sabata, mpaka kutiimbira foni tsiku lomwelo kufunsa za mwana. Anthu otere ndi osowa."

Anthu anatembenuka kumuyang'ana, ena akugwedeza mitu moyamikira. Hazel ankafuna nthaka itang'ambika. Akumuyankhirabe, anaganiza choncho, mwana ali m'bokosi akumuyankhirabe. Anawayang'anitsitsa bamboyo nthawi yonse ya mwambo, kufunafuna pankhope pawo ngati iwo ndiwo anali chinthu chimene Lusiya ankaopa, kapena anali munthu amene Lusiya ankaopa kumukhumudwitsa. Sanapezepo kanthu. Panali nkhope ya munthu wokalamba amene wakhoma bokosi la mwana wa mkulu wake. Amene akanamuuza zoona anali mmodzi yekha, ndipo Hazel anakhala naye maulendo asanu osamufunsa payekha.

Lolemba anabwerera ku hotela. Akanapita kuti? Anasaina m'mawa, anasaina masana, anaphunzira mmene ungafunsire mwana mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, mmene ungalembere naye dongosolo la tsiku limene zamuthina, anthu amene angawathamangire. Chilichonse chimene ankaphunzira chinkamupweteka ngati mchere pabala. Wina atachedwa n'kuyamba kuvina, iye anatuluka kukaima kubafa. Lachitatu anawapeza a Thawani ali okha, n'kuwauza zonse. Dokotalayo anamvetsera osamudula, ndipo sanamuuze kuti si mlandu wake.

"Woyamba saiwalika," anatero pomaliza. "Wanga anali mnyamata wa Fomu 2. Bwererani ku Bangwe, mukatulutse mpandowo."

Lachisanu anagawa masatifiketi. Kunabwera bwana wa ku ofesi yaikulu kudzatseka mwambo, ananena kuti ana ndiwo tsogolo la dziko, anajambulitsa ndi aliyense. Pa chithunzicho Hazel akuoneka bwino ndithu, nsapato zatsopano zikuwala.

Lolemba lotsatira anafika kuchipatala anthu asanachuluke. Pepala lija linali likadali pachitseko, litapiringizika ndi dzuwa. Analimatula, anatsegula, anaponya satifiketi patebulo. Kenako anagwira mpando wa khushoni yofiira uja, wolemera kuposa mmene ankaganizira, n'kuukokera panja. Anauika pakhonde, pafupi ndi benchi yodikirirapo odwala.

Pakhondepo ankakolopa mayi Mwantumu, amene anayamba ntchito pachipatalapo tsiku limene chinatsegulidwa. Anasiya chokolopera, n'kuyang'ana mpandowo.

"Wathyoka, madamu?"

"Ayi mayi. Ndi wolimba."

Mayi Mwantumu anapukuta manja pachitenje. Sanabwerere ku ntchito yawo.

"Ndinakuonani kumaliro kuja. Ndinali kumadzi ndi amayi anzanga. Ndinafuna kubwera, koma si nkhani yonenera pamaliro."

"Nkhani yanji?"

"Kamtsikana kaja kanabwera. Lachinayi lomwelo."

Hazel anagwira potsamiritsa mikono pa mpando uja.

"Kanabwera kuno? Ndi ndani?"

"Kokha. Kali mu yunifomu, mabuku m'jumbo. Kanati bambo ake apita kuntchito osakatenga, ndiye kanaganiza kuti aiwala. Kanafika cha m'ma naini, katachita thukuta, kuoneka kuti kanayenda pansi. Kanagogoda. Ndinakaonetsa pepala lanu, kanawerenga, koma kanakhalabe. Apa, pamapeto pa benchi apa."

"Mpaka liti?"

"Mpaka dzuwa pamutu. Foni ya mu ofesi inalira nthawi ina, koma ofesi inali yokiya. Ndinakafunsa ngati kakufuna kudikira anesi, kanati ayi, kakufuna inu. Ndinakapatsa madzi, kanamwa. Madamu, ine mwana uja ndinali ndisanamvepo mawu ake. Anali ndi mawu abwino."

 Mayi Mwantumu anapitiriza okha, pang'onopang'ono, ngati munthu wotula katundu amene wamusenza masiku ambiri.

"Kanandifunsa kuti maphunziro ake ndi a chiyani. Ine ndinanena zimene ndinamva kwa anesi, kuti mwapita kukaphunzira kusamalira ana ngati iyeyo. Kanati, ohoo. Kenako kananyamula jumbo yake. Kanafika pageti paja, kanabwereranso."

"Kanati chiyani?"

"Kanati: mukawauze adokotala kuti lero ndinabwera ndekha."